Njerwa za Nyumba ya Sitima

Mgwala wachitsulo utagunda khoma kachiwiri, mileme inathothoka kudenga n'kuyamba kuzungulira padzuwa ngati yaledzera. Constance anali atakhala pansi pa mlambe, maso ali kumtsinje, maganizo ali kwina. Anadzambatuka.

"Achimwene! Mukutani pamenepo?"

Mavuto sanacheuke. Anali atavula malaya, thukuta likutsetsereka pamsana, fumbi litamatira m'tsitsi. Analowetsa nsonga ya mgwala pakati pa njerwa ziwiri n'kuyamba kugwedeza.

"Ukuona wekha," anatero. "Ndikufuna njerwa. Bambo sangagone pansi pa mulu wa mchenga ngati munthu wopanda ana."

Bambo awo, a Laimoni, anali atangoikidwa kumene. Pabwalo panali padakali phulusa la moto wa pamaliro, ndipo mikeka yobwereka inali isanabwerere kwa eni ake. Mavuto, mwana woyamba, ankayendetsa lole ku Blantyre. Uthenga unalengezedwa pa wayilesi iye ali paulendo wa kumpoto, ndiye inu mukulidziwa dzuwa la ku Matope mwezi wa Okutobala, silidikira wachibale. Mmene ankafika pamudzi, anthu anali akusamba m'manja pochokera kumanda. Nkhope sanaione, ngakhale kadothi sanaponye. Anakhala pakhonde pang'ono, kenako anabwereka njinga, napita ku Zalewa, n'kubwerako ndi simenti.

"Chiliza chimadikira chaka, achimwene," Constance anatero atafika pafupi. "Dothi liyambe lakhazikika."

"Chaka! Mitambo ikusonkhana kumapiriyo sukuiona? Manda athu ali pamtsetse. Waiwala zimene madzi anachita dzinja lathali? Nanga njerwa tiumba liti, tiwotcha liti? Njerwa ndi izi, zangokhala, zikusunga mileme."

"Mukachotsa khoma ili denga ligwa."

"Ligwe. Lakhalitsa."

Nyumba imene ankagumulayo anthu ankaitcha Nyumba ya Sitima. Inaima pamtunda pang'ono kuchokera padoko lakale, m'malire a munda wa mayi awo, a Stelia. Inali nyumba yaitali ya njerwa zikuluzikulu, zitseko zake zitaola kalekale, malata ake okhuthala, a mtundu umene lero simungaupeze musitolo. Akuti kalelo sitima za pamadzi zinkatsika mu Shire n'kudzaima pamenepa, chifukwa kumunsi kuli mathithi, ndipo katundu ankagona m'nyumbamo kudikira amtengatenga. Sitima zitaleka kubwera, nyumbayo inakhala msika wa thonje. Kenako inakhala pobisalira mvula ana a sukulu, kenako pogulitsira makadi a chipani, kenako pofikira anthu othawa nkhondo ku Mozambiki. Mwini wake? Kaya. Anthu ena oona zinthu zakale anabwera tsiku lina pa galimoto yoyera, anajambula, anamwa thobwa, nalonjeza chikwangwani. Chikwangwanicho chidakali m'njira mpaka lero.

Choseketsa n'chakuti a Laimoni sanali n'komwe a kuno. Anali mkamwini wochokera kumapiri a ku Midzemba, munthu wowonda, wolankhula pang'onopang'ono ngati akusankha nyemba. Koma chifikireni anaikonda nyumbayi chikondi chimene anthu sanachimvetse. Chaka ndi chaka, mvula isanagwe, ankaimata ndi dothi la pachulu, kukhomerera malata amene mphepo inkafuna kusasula, kugumula njira za chiswe. Matipate atabwera, anthu n'kumva kuti ufulu wafika, ena anamva bwino, ena anamva ndi khutu limodzi. Chilichonse chopanda mwini chinasanduka cha aliyense wokhala ndi wilibala. A Laimoni anangotenga mphasa yawo n'kumaswera pakhomo pa nyumbayo, akupota chingwe, akupereka moni waulemu kwa aliyense wobwera ndi wilibala, mpaka munthuyo achite manyazi abwerere.

Ukawafunsa ngati sitimayo anaiona, ankaseka. "Ayi, ndinachedwa kubadwa. Koma ukakhala chete masana, nyenje zikatopa, umaimva ikulira kumtunda uko."

Constance anakula akuyesa nthabwala. Ndi iye amene anawadwazika miyezi yonse ija chifuwa chitawagwira, ndipo anaona zinthu zomvetsa chisoni. M'mawa wina ankapeza mphasa ilibe munthu. Bambo ake ankatulukira dzuwa litakwera, akupuma movutika, mawondo ali fumbi lokhalokha, zikhatho zitasupuka, ndipo akawakalipira ankangoti, "Ndinakamvera sitima, mwanawe." Tsiku lina anawapeza kuseri kwa khitchini atakumbatira mphika wa mayi ake, wopanda kanthu, akuuyang'ana ngati akuufunsa mlandu. Iye ndi mayi ake anangoyang'anana. Anati matenda akwera kumutu.

Koma chimwalirireni bambo ake, masana aliwonse dzuwa likayamba kuvina pamwamba pa madzi, Constance nayenso ankaimva: kulira kwakutali, kotsika, ngati ng'ombe ya kutsidya. Ankaona amtengatenga akukwera kuchokera kudoko, mitolo pamutu, mapazi osagunda pansi, ndipo kumapeto kwenikweni kwa mzerewo kunkabwera munthu wowonda, akuyenda mosafulumira. Sanauze munthu. Anali atatopa, ndipo tulo ndi maso zinali zitasakanikirana.

Dothi lomata linagwa phu, njerwa yoyamba n'kutuluka. Mavuto anaiwakha, naitembenuza. Mbali imodzi inali yakuda bii. Anazula yachiwiri. Yakudanso. Anaipaka ndi chala, chala n'kuda.

"Kodi nyumbayi inapsapo?"

"Inapsa kuti iwe? Tabweretsa tione."

Amene anayankhayo anali a Felista, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana, amene ankadutsa atasenza mikeka yawo. Anatula mikeka, nalanda njerwayo, naiyandikitsa kumaso.

"Aa! Abale inu! Iyi ndi yanga iyi. Onani pobenthuka apa, ndinaibenthula ndi nkhwangwa ndikuwaza nkhuni. Ana anga onse anakulira phala la panjerwa imeneyi."

"Yanu bwanji, mayi?" Mavuto anafunsa.

"Eti sukudziwa, mwana wa mwini nkhani? Kuno n'kumchenga, bambo. Miyala yabwino ya mafuwa ili kumathithi, kutali, ndiponso kulemera kwake! Ndiye mkazi ukakwatiwa, ukafuna poika mphika, umangobwera kuno anthu ali kumunda, kuzula zitatu, basi. Tonse tinaba, usaone kuvala zoyera Lamulungu. Koma bambo ako sankakalipa, ayi. Umangoona m'mawa atulukira, mwala pamutu, thukuta lili kamukamu. 'Odi kuno, mayi, ndabwera ndi mlendo uyu.' Mawa lake wina. Mkuja wina. Ikakwana itatu amagwada, kuyesa mphika wako kuti usapendame, kenako amvekere, 'Tsopano ndipatseni anthu anga ndizipita nawo.' Ukanakana bwanji? Ine ndinachita kuwaphikira mbatata chifukwa cha manyazi."

Anaseka, kenako kuseka kuja kunathera m'misozi, napukuta ndi chitenje.

Miyalayo Mavuto ankaikumbukira bwino. Ali mwana, anzake ankamutcha mwana wa a Chisenzamiyala, ndipo iye akaona bambo ake akukwera njira ya kumtsinje atasenza, ankabisala m'mabango mpaka adutse. Atatengedwa ndi amalume ake kukaphunzira ku Lisungwi anasangalala kuti wathawa dzinalo. Sanafunsepo kuti miyalayo inkapita kuti. Tsopano anatenga mgwala n'kuyamba kupala dothi lomata pakhomapo, pang'onopang'ono. Yakuda, yofiira, yakuda, yakuda. Kuyambira pansi mpaka pachifuwa khoma lonse linali mawangamawanga ngati nkhanga.

Constance anatola njerwa yoyamba ija naitembenuza chagada. Pansi pake panali zala zinayi zodindika m'dothi, zing'onozing'ono, za mkazi kapena za mtsikana.

"Mukukumbukira zimene bambo ankanena?" anatero. "Azungu anangobwera ndi chingwe choyezera. Oponda dothi, oumba, osenza, popanda malipiro, anali azigogo a amayi. Mayina awo sanalembedwe paliponse, ndiye analemba ndi zala."

"N'chifukwa chake!" Mavuto anakuwa mwadzidzidzi, a Felista mpaka kudzidzimuka. "Anazikonda, ndiye agone nazo! Iwo apita, nanga ndani aziteteza? Mwezi uno sutha anthu a wilibala abwera, njerwazi zikamangire bala ku Zalewa. Bola zikhale pa bambo anga." Anatembenukira kwa mlongo wake. "Iwe unawasambitsa, Constance. Unawamwetsa phala, unawatseka maso. Ine ndawachitira chiyani? Tandiuza, ndawachitira chiyani ine?"

Mavuto anakweza mgwala.

"Mavuto."

Anali mayi awo. A Stelia anali asanatuluke m'nyumba chibwerereni kumanda, koma tsopano anaima pakati pa munda wouma, duku lakuda kumutu, maso atatsinzina ndi dzuwa.

"Siya chitsulocho. Bwerani kuno nonse awiri."

M'khitchini munali mozizira. Zophika za pamaliro zonse zinachitikira pabwalo, ndipo muno moto unali usanayakemo chitsirizikireni a Laimoni. A Stelia anagwada, nayamba kukankha phulusa ndi dzanja. Ana awiriwo anakulira pa mafuwa amenewa, koma mwaye wa zaka zambiri unali utawakuta kotero kuti palibe anaganizapo zowayang'anitsitsa. Mayi awo anagogoda fuwa limodzi ndi chipande, mwaye n'kugwa. Inali njerwa.

"Amayi!" Constance anagwira pakamwa. "Inunso?"

"Ine sindinabe. Anaba ndi bambo anu."

Anatambasula mwendo, nawaonetsa chipsera chachikulu cha pamwamba pa phazi, chimene ana ankachidziwa koma osadziwa chiyambi chake.

"Titangolowa m'banja ndinkaphikira pa zibuma. Tsiku lina chibuma chinaphwanyika, mphika wa phala n'kundikhuthukira apa. Bambo anu anandimanga masamba, natuluka. Pobwera anali atakumbatira izi, akuyang'ana uku ndi uku ngati waba nkhuku. Amvekere, 'Ndabwereka kwa azigogo ako, sangakanize mdzukulu wawo. Koma ndi zobwereka, Stelia. Mmodzi wa ife akadzatsogola, wotsalayo adzabweze.' Atawona kuti iwonso azula, m'pamene mtima unayamba kuwawawa poona mabowo ena aja. Miyala anayamba kusenza chaka chomwecho."

Pafupi ndi khomo la kumadzulo la Nyumba ya Sitima panali bowo limene anamzeze ankamangamo chisa. Ana onse awiri ankalidziwa. Bambo awo anatseka mabowo onse a nyumbayo kupatula limenelo, ndipo munthu akawafunsa ankangoti, "Amenewo ali paulendo."

"Ndinawafunsa," a Stelia anapitiriza, "kuti nanga wotsalayo ndikadzakhala ine, ndidzaphikira pati? Akuti, 'Usade nkhawa, ndidzakonza.'" Anaseka pang'ono, napukusa mutu. "Amuna inu. Matenda anawapezerera, kukonzako anapita nako."

Anazula njerwa yoyamba napatsa Constance. Yachiwiri anaika pambali kuti ikhale yawo. Yachitatu anainyamula ndi manja awiri, naloza nayo kwa Mavuto.

"Ukufunsa chimene wawachitira. Ichi ndi chimene anasiya atapempha. Za chiliza cha njerwa sananene."

Mavuto anailandira. Inali yozizira, yolemera kuposa mmene ankaganizira.

Anayenda mondondozana kudutsa m'munda, mayi patsogolo, njerwa pamutu popanda nkhata. Dzuwa linali litapendeka, nyenje zitatopa. A Felista anathamanga kukatunga madzi osatumidwa, ndipo Constance anakanya dothi la pachulu limene bambo ake anaunjika pakona kudikira mvula ya chaka chino. Chisa cha anamzeze chinali chopanda kanthu, ana atauluka kale. Mavuto anachichotsa mosamala, napaka dothi, nalowetsa njerwa ya mayi ake, kenako ya mlongo wake. Asanalowetse yake anaitembenuza. Kunsi kwake, kumene moto sunafike, kunali zala. Anaika zake pamwamba pa zalazo n'kukhala choncho kanthawi, mutu utagunda khoma, mapewa akugwedezeka. Palibe anamuletsa kulira. Atatha, anailowetsa, ndipo inakwana ngati inachoka dzulo.

Kenako, popanda womuuza, anapita kukhoma lija anagumula n'kuyamba kubwezera.

"Nanga simenti ija, amayi?" anafunsa osatembenuka.

"Khoma la kumtsinje likudyeka kunsi. Bambo ako anailakalaka simenti zaka zonsezi osaipeza."

"Nanga manda? Madzi akabwera?"

"Ukufuna kuwafunditsa bambo ako? Njira ya kumathithi ukuidziwa. Unkabisala m'mabango a m'njira yomweyo, ukuyesa sankakuona. Mwala sufuna uvuni, mwananga."

Mavuto anaweramitsa mutu.

M'mawa mwake anatsika kumathithi nkhata ya bambo ake ili m'manja. Pokwera ndi mwala woyamba, amayi amene ankachapa padoko analeka kuchapa. Kayendedwe kake, kupindika kwa khosi, ngakhale kaimidwe popuma pansi pa msawu, zonse zinali za malemu. Mmodzi anachita kufuula kuti mayo, kenako n'kudzigwira. Atafika kumanda Mavuto anautula mwalawo n'kukhala pansi, akusisita khosi.

"Umodzi wokha uwu?" anatero kwa Constance, akupumira m'mwamba. "Ndiye munthu uja ankachita zimenezi zaka zonsezi?"

Paulendo wachiwiri sanali yekha. A Felista anali atayenda nyumba ndi nyumba ndi pakamwa pawo paja, kukumbutsa aliyense kuti mphika wake wakhala pa msana wa yani. Kunatsika amayi, kunatsika amuna awo, kunatsika ngakhale ena a wilibala aja, wilibala zili patsogolo, nkhope zili pansi. Constance anaima pansi pa mlambe akuyang'ana mzerewo ukukwera kuchokera kumtsinje, miyala pamutu, fumbi ndi dzuwa zikuwaphimba miyendo. Anatikita m'maso. Ulendo uno mapazi ankagunda pansi. Pofika madzulo mtumbira wa a Laimoni unali utafunda miyala yosalala ya mu Shire, yothinana bwino, ndipo ena anatsala akukambirana za tsiku lodzathira simenti kukhoma la kumtsinje. Kaya adzabweradi, kaya ndi mawu a pamaliro chabe, zimenezo tiziona mvula ikagwa. Koma khomalo linali chiimire, denga lili pamwamba pake.

Mavuto anafika kunyumba msana utauma ngati thabwa. Mayi ake anamuyang'ana akulephera kukhala pansi.

"Ameneyu afunika madzi otentha," anatero. Analowa m'khitchini, naima. Pamene panali mafuwa panali timaenje titatu m'phulusa. Miyala ya moto wa pamaliro eni ake anali atatenga kale, ndipo pa miyala yonse imene mudzi unasenza tsikulo palibe anakumbuka kupatulako ya mayi wamasiye. A Stelia anapumira m'mwamba. "Basi, tibwerera ku zibuma. Constance, katenge nkhuni kuseriko."

Constance anazungulira kuseri kwa khitchini. Mulu wa nkhuni unali utatsika chifukwa cha maliro, ndipo atasolola zapansi anaona chiguduli chitafunditsa kanthu. Anachivundukula, n'kukhala pansi pomwepo.

"Amayi," anaitana. "Tabwerani."

Inali miyala itatu ya kumathithi, yosalala, yophwatalala pamwamba, msinkhu wake wofanana. M'mbali mwake munali mokalikakalika, mmene umakhalira mwala umene munthu sanathe kuusenza, wachita kuukunkhuniza njira yonse. Constance anakumbuka mawondo a fumbi aja, zikhatho zosupuka zija, ndi mphika wopanda kanthu uja. Anakumbukanso mmene anawakalipirira, ndipo mtima unamupweteka kwambiri.

A Stelia anafika, naiyang'ana. Anakana kuthandizidwa. Anaikunkhuniza okha, umodziumodzi, mpaka m'khitchini, naikhazika m'timaenje tija. Ana awo anaima pakhomo. Mayiwo anatenga mphika wawo, naudzaza madzi mpaka m'milomo, naukhazika pamwamba pa miyalayo. Anaukankha ndi chala mbali iyi. Anaukankha mbali inayo. Madzi anangoti phee, osatayika ngakhale dontho.

Anakhala akuuyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pachipsera cha paphazi.

"A Laimoni inu," anatero motsitsa, ngati akuwadzudzula.

Kenako anasonkha nkhuni, nawerama, n'kuyamba kuuzira moto.